Kodi mpaka munthu avule pamsewu ndiye tiziti akufunika thandizo?

Woyang'anira Gulu: Mwaswera bwanji nonse. Sabata ino anthu angapo andilembera kumbali nkhani yofanana: mwana wagwidwa ndi chamba kusukulu, bambo a kunyumba sakulekana ndi midoli, mchimwene wabwera kuchokera ku Joni mutu sukuyenda bwino. Aliyense akufunsa kuti ndipite naye kuti. Ndaona kuti tiikambe poyera, poti pagulu pano tili ndi anamwino, aphunzitsi, abusa komanso ena amene anadutsamo okha. Pempho langa: osatchula dzina la munthu kapena sukulu yake, ndipo osaponya zithunzi. Bwalo ndi lanu.

Nachisale: Zikomo. Mmodzi mwa anakulemberaniwo ndine, sindibisa. Ndi mwana wa achemwali anga, wa zaka 16, Fomu 3. Anamupeza ndi ndudu ziwiri za chamba m'kachitini ka zida za masamu. Makolo ataitanidwa anauzidwa kuti malo ake atha. Bambo ake anamukwapula kodetsa nkhawa. Pano mwanayo akadzuka amangosukusula, ulendo wa kudepoti kukakhala ndi anyamata oitanira, kubwera usiku maso ali psu. Kubanja tagawikana: ena akuti ku Zomba, ena akuti akagoneko kupolisi aone zakuda, agogo ake akuti mwanayo anachita kumulodza. Ine ndikuona ngati tonse tikuphonya.

Madala a ku Chilomoni: Amayi, bambo akewo anachita bwino, kungoti anasiyira panjira. Ife tinakula ndi mkwapulo ndipo tinawongoka. Ana a masiku ano mwawapatsa ufulu wambiri, ndi zimenezi mukukololazi.

Aphunzitsi a Sayansi: Madala, ndi ulemu wonse, mkwapulo wagwira kale ntchito yake ndipo zotsatira zake mwaziwerenga: mwana ali kudepoti. Ine ndakhalapo mu komiti yoona za mwambo pasukulu. Timachotsa mwana pofuna kuteteza anzake, ndipo nthawi zina n'zomveka, makamaka ngati akugulitsa. Koma taganizani zimene tamuchita uyu. Anali ndi belu lomudzutsa, yunifolomu, mpira masana, mayeso a MSCE omuopseza chaka chamawa. Zonse zimene zimamugwira tamulanda tsiku limodzi, n'kumupereka kwa anthu amene chamba amachipeza mosavuta kuposa sopo. Sitinamufunse n'komwe kuti anayamba liti, amasuta kangati, anamuyambitsa ndani. Kalata yochotsa mwana timailemba mphindi zochepa, koma pepala lomutumiza kwa wopereka uphungu sindinalionepo mu ofesi ya ahedi.

Nachisale: Aphunzitsi, mafunso amenewo ngakhale ife kunyumba sitinamufunse. Tinangofikira kukalipa.

Anamwino a Zamaganizo: Ndalowa mochedwa, ndinali pa ntchito. A Nachisale, choyamba chotsani Zomba pa mndandanda wanuwo, pokhapokha ngati mwanayo wayamba kumva mawu a anthu osaoneka, kuganiza kuti akumusaka, kusagona usiku wonse akuyankhula yekha, kapena kunena zodzipha. Zikatero thamangani naye kuchipatala cha boma cha m'boma lanu lero lomwe, iwo ndi amene amaona ngati n'koyenera kumutumiza ku Zomba. Koma ndudu ziwiri m'chitini si misala. Chipatala cha Zomba Mental ndi chimodzi chokha cha boma chachikulu cha mtundu umenewu dziko lonse lino, ndipo chimalandira anthu amene matenda awafika pakhosi. Mwana wongoyamba kumene alibe chochita kumeneko.

Vuto lathu lili pamenepa. Pakati pa kukwapula kunyumba ndi kugonekedwa ku Zomba palibe chilichonse chimene anthu ambiri amachidziwa. Ndiye banja limadikira. Limadikira mwana abe ndalama, limadikira agulitse foni ya mayi ake, limadikira aswe magalasi, kenako limabwera naye atamumanga ndi chingwe pa lole. Pa nthawi imeneyo papita zaka kuchokera tsiku limene wina anamva fungo pa malaya ake koyamba.

Madala a ku Chilomoni: Ndiye pakatipo payikidwe chiyani? Tiyi?

Anamwino a Zamaganizo: Kucheza, Madala, koma kucheza kwa luso. Pali mafunso asanu ndi limodzi amene anakonzedwa ku Boston oti achinyamata azifunsidwa, amawatcha CRAFFT. Mwachidule amafunsa chonchi: unakwerapo galimoto yoyendetsedwa ndi munthu woledzera kapena wosuta, kaya iweyo kaya mnzako? Umamwa kapena kusuta kuti mtima ukhale m'malo, kapena kuti ufanane ndi anzako? Umachita uli wekha? Unaiwalapo zimene unachita utaledzera? Abale kapena anzako anakuuzapo kuti uchepetse? Unalowapo m'mavuto chifukwa cha zimenezi? Kwathu kuno funso la galimotolo ndimalisandutsa la njinga yamoto ya kabaza. Akayankha eya kawiri kapena kuposa, ameneyo akufunika kukhala naye pansi mozama. Akuluakulu ali ndi awo mafunso khumi ochokera ku bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO otchedwa AUDIT, ndipo mukapeza mapointi 8 kupita m'mwamba ndiye kuti mowa wayamba kukuonongani ngakhale mukupitabe ku ntchito mutavala tayi.

Mafunsowa satenga mphindi khumi. Safuna dokotala wamkulu. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi angawafunse, mphunzitsi angawafunse, namwino wa kuchipinda cha achinyamata angawafunse. Chofunika n'choti wofunsayo asatukule maso, asathamangire kulalikira, ndipo mwana adziwe kuti yankho lake silikafika pa asembule.

Thoko wa ku Poly: Mundilole ndiyankhuleko ngati wachinyamata, poti mukutikamba ife. Anamwino akhudza penipeni pa nkhani ya chinsinsi. Ku sekondale ndinali ndi mnzanga amene ankamwa mankhwala a chifuwa aja okhala ndi codeine, kusakaniza ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, botolo la pulasitiki lili pa desiki aphunzitsi akuphunzitsa. Palibe fungo, palibe utsi, amangooneka ngati wogona tulo. Tonse m'hositelo tinkadziwa. Palibe anakanena, chifukwa kunena kunali kumuchotsetsa sukulu, ndipo ndani akufuna kukhala ndi mlandu wophera mnzake tsogolo? Chikhala kuti kunali munthu woti ukamuuza amathandiza osati kulanga, tikanapita tsiku loyamba.

Komanso chonde, si anyamata okha. Atsikana akumwa kwambiri, kungoti amabisa bwino, ndipo akadziwika dzina lomwe amapatsidwa ndi lina, loipa kuposa la chidakwa.

Mayi a Mapasa: Mwana wanga Thoko, zoti mankhwala a chifuwa ndiye ndamva lero. Ndipita ndikayang'ane m'kabati.

Abusa a ku Area 25: Mtendere abale. Ndawerenga zonse ndipo sindikutsutsa za chipatala. Koma tisaiwale kuti goli limeneli ndi lauzimu. Ndaona ndi maso anga amuna amene anali ogona m'ngalande akumasulidwa, lero ndi madikoni. Mankhwala sangasinthe mtima wa munthu.

Wakale wa pa Shabini: Abusa, ine ndi mmodzi wa ogona m'ngalande mukunenawo, ndipo lero ndimapemphera, ndiye sindikulimbana nanu. Koma ndikufuna gulu limve mmene zinandikhalira. Ine ndinali wa kachasu, m'mawa ndisanatsuke mkamwa, chifukwa popanda kapu yoyamba manja sankagwira batani la malaya. Achibale ananditengera kumalo ena a mapemphero kumene amasunga anthu ngati ine. Ananditsekera m'kachipinda, mowa zii, chakudya zii, akuti tisale. Usiku woyamba thukuta ndi kusanza. Wachiwiri ndinayamba kuona nyerere zikutuluka m'khoma kulowa m'manja mwanga, ndimazikanda mpaka magazi. Ndimamva anthu akukambirana panja zoti andiwotche. Oyang'anira ankati ziwanda zikutuluka, awonjezere kuimba. Kenako ndinagwa ngati wakhunyu, kudziluma lilime. Mlonda wa pamalopo ndi amene anaitana mlamu wanga mobisa, n'kunditengera kuchipatala pa njinga. A dokotala anauza mkazi wanga kuti tikanachedwa pang'ono tikanagula bokosi.

Anamwino a Zamaganizo: Achimwene, zikomo polimba mtima. Aliyense awerenge kawiri zimene alembazi. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, thupi lake limazolowera kugwira ntchito mowa uli m'magazi. Mukamudula mwadzidzidzi, ubongo umathamanga mopanda mabuleki. Pakangotha maola ochepa amayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta. Tsiku loyamba kapena lachiwiri akhoza kugwa n'kumaphupha. Cha pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ndi pamene ena amasokonezeka mutu, kuona tizilombo, kutentha thupi, mtima kugunda mothamanga, ndipo apa munthu amafa ndithu. Kuchipatala timamupatsa diazepam mwa muyeso wake n'kumachepetsa pang'onopang'ono, timamubaya vitamini B1 kuteteza ubongo, ndi madzi a m'dripi ngati akufunika. Mankhwala ake si odula, ndipo ntchitoyi chipatala cha boma chimaitha. Chamba sichipha munthu akachisiya, amangovutika tulo, kukwiya msanga ndi kusowa chilakolako cha chakudya kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Koma mowa umapha posiya. Ndiye Abusa, pemphero lipitirire, koma munthu wonjenjemera manja m'mawa ayambe waonedwa ndi achipatala.

Abusa a ku Area 25: Zotsekera anthu ndi kuwamana chakudya ine sindigwirizana nazo, ndipo kwathu sitichita. Komabe mayi, mukamutulutsa kuchipatalako amapita kuti? Si kwa ife komwe kuno?

Wakale wa pa Shabini: Apo ndiye mwalasa, Abusa. Kuchipatala anandichotsa mowa m'thupi, koma chibaba ndinatuluka nacho. Ndinafika kunyumba, shabini ili pomwe inali, anzanga ali pa benchi lomwe lija, wina n'kundikuwira kuti wachira, bwera tikulandire. Ntchito inali itatha kale. Tsiku limatalika koopsa ukasiya mowa, anthu sadziwa zimenezi. Kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka usiku ulibe kopita, ulibe wocheza naye, kunyumba akukuyang'ana ngati mbala, ndalama akubisa ukalowa. Ndinabwererako, osati kamodzi. Chimene chinandigwira mapeto ake ndi bambo wina wa kumpingo, kalipentala, naye wosiya mowa. Sanandilalikire. Ankangobwera m'mamawa kudzanditenga kuti ndikamugwirire matabwa, ndipo madzulo, nthawi imene chibaba chimavuta, tinkakhala pa shedi yake kusewera bawo mpaka mdima. Ndikaterereka ankabwerabe m'mawa mwake, n'kungoti tiyeni, matabwa akudikira.

Mayi a Mapasa: Ndiye mukundipweteka mtima. Amuna anga tinawapititsa kumalo ena olipira, tinagulitsa poloti. Anakhala mwezi, anabwera atanenepa, akuwala. Pa ukwati wa mphwawo anamwa botolo limodzi, basi zonse zinabwerera. Ine ndinati ndalama zanga zapita m'madzi ndipo sindidzayesanso.

Anamwino a Zamaganizo: Mayi, kukhumudwa kwanu n'komveka. Koma kubwerera si chizindikiro choti chithandizo chinalephera. Akatswiri a ku America amene amafufuza za matendawa amati mwa anthu 100 olandira chithandizo, pakati pa 40 ndi 60 amabwererako nthawi ina, ndipo chiwerengerochi sichisiyana kwenikweni ndi cha odwala BP kapena mphumu amene matenda awo amayambiranso. Wa shuga akakomoka sitinena kuti tinataya ndalama, timasintha mankhwala n'kumupatsa tsiku lobweranso. Cholakwika ndi choti malo ambiri amagulitsa mwezi umodzi wogona ngati kuti ndiwo machiritso. Mwezi umenewo ndi poyambira chabe. Musanalipire paliponse funsani: akatuluka mudzamuonanso liti? Pali gulu la anzake loti azikumana nalo? Ife a pabanja mutiphunzitsa chiyani? Pali namwino kapena dokotala usiku? Akayamba kuzungulira poyankha, sungani ndalama zanu.

A St John of God ku Mzuzu ali ndi ndondomeko yothandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo alinso ku Area 43 ku Lilongwe. Ndi a mishoni, ndiye konzekerani kolipira. Ku Blantyre kuli kiliniki ya zamaganizo ku Queens. M'zipatala za m'maboma funsani namwino wa zamaganizo. Ndipo kwa achinyamata pali manambala aulere a YONECO, 116 ya ana ndi 6600 ya nkhani za mowa ndi mankhwala.

Mjoni wa ku Germiston: Moni kumudzi. Ine ndikuwonjezereni mantha pang'ono. Kuno kuli nyaope, ena amati whoonga, ndi heroin wosakaniza amene amasutira pamodzi ndi chamba. Anyamata athu obwera kudzasaka ganyu akugweramo, makamaka amene ntchito yawavuta ndipo akuchita manyazi kubwerera chimanjamanja. Munthu wa nyaope akasowa, m'mimba mumapota, mafupa amaphwanya, amagulitsa ngakhale nsapato zimene wavala. Tikamusonkhera ya basi n'kumutumiza kumudzi timaganiza kuti tamupulumutsa, koma kumudziko akafikira m'manja mwa ndani? Kuno kuli bungwe la SANCA lothandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, komanso malo ena opereka methadone, mankhwala akumwa amene amaletsa chibaba cha heroin kuti munthu azitha kugwira ntchito. A Tanzania anatsegula kiliniki ya methadone ku Muhimbili mu Dar es Salaam mu 2011, a Kenya anatsatira mu 2014. Ife tikuganizabe kuti vuto lathu ndi chamba ndi kachasu basi, pamene msewu wochokera ku Dar umadutsa pa Songwe.

Madala a ku Chilomoni: Kumupatsa munthu mankhwala ozunguza bongo kuti asiye mankhwala ozunguza bongo? Dziko lapita.

Anamwino a Zamaganizo: Madala, kusiyana kwake n'koti uyu amamwa kamodzi pa tsiku pamaso pa namwino, muyeso wodziwika, sadzibaya ndi jakisoni wobwerekana, saba, ndipo amapita ku ntchito. Amene ali pa mankhwalawa amafa ochepa kuyerekeza ndi amene angosiyidwa. WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira.

Mwana wa Ophika Kachasu: Ndakhala chete koma ndiyankhule. Nthawi zonse nkhani ikafika apa anthu amati gwirani ophika kachasu. Ine fizi yanga yonse inachokera mu mgolo wa amayi anga. Bambo atamwalira panalibe china. Ndikudziwa kuti mowawo unapweteka anthu, ena ndinkawaona akugona pakhomo pathu. Koma mukaswa migolo osapatsa amayiwo chochita china, sabata yamawa aphikira kudambo. Chimene amayi anga anali nacho ndi lamulo lawo: mwana wa sukulu sankamugulitsa, ngakhale atanena kuti watumidwa ndi bambo ake. Ankamubweza n'kuuza mayi ake. Bwanji mafumu osaitana ophika onse m'mudzi n'kupangana zimenezi? Iwowo ndi amene amadziwa mwana amene wayamba, kale kwambiri aphunzitsi asanadziwe.

Aphunzitsi a Sayansi: Mfundo imeneyo ndaikonda, chifukwa malamulo a papepala tili nawo kale. Zaka zogulira mowa ndi 18. Mowa wa m'masacheti unaletsedwa mu 2015, nkhani inakafika mpaka kukhoti, mapeto ake mowa womwewo unangosamukira m'timabotolo ndipo ana akuugula pa mtengo wa mandasi ochepa. A ku Zambia analetsa tujilijili tawo mu 2012. Ndondomeko ya dziko yokhudza mowa inakhazikitsidwa mu 2017. Koma pitani pa okala iliyonse pafupi ndi sukulu muone ngati mwana wa yunifolomu amafunsidwa zaka. Mu 2024 tinaika maliro ku Blantyre chifukwa cha mowa uja ankautcha ambuye nditengeni, tinakwiya sabata ziwiri, n'kuiwala.

Chinanso chimene chasokoneza ana ndi lamulo la chamba la 2020. M'kalasi amandiuza motsimikiza kuti sala, boma linavomereza. Ndimawafotokozera kuti chinaloledwa ndi cholima ndi chiphaso, cha mankhwala ndi cha mafakitale, kusuta ndi mlandu mpaka lero. Amangoseka.

Thoko wa ku Poly: Amaseka chifukwa akuluakulu mumanama pofuna kutiopseza. Mumati ukangosuta kamodzi upenga. Mwana amasuta kamodzi, sapenga, amaona rasta wa pa msika amene wasuta zaka zonse akusoka nsapato bwinobwino, basi zonse zimene munganene pambuyo pake sakhulupiriranso.

Anamwino a Zamaganizo: Thoko akunena zoona, ndipo zoona zake n'zokwanira kale popanda kuwonjezera. Ubongo umakula mpaka cha m'ma 25, ndipo mbali yomalizira kukhwima ndi imene imathandiza munthu kudziletsa. Mwa anthu osuta chamba, pafupifupi mmodzi mwa khumi amakodwa osatha kusiya, koma mwa oyamba ali achichepere ndi mmodzi mwa asanu ndi mmodzi. Si onse amadwala misala, ayi, koma woyamba msanga, wosuta tsiku lililonse, komanso amene kubanja kwawo kuli matenda a maganizo, mwayi wake wodwala ndi waukulu. Mwana ukamuuza chonchi amamvetsera, chifukwa wamulemekeza.

Komanso tizifunsa chimene chili pansi pake. Ana ambiri amene ndawaona sanayambe chifukwa cha chisangalalo. Wina mayi ake anamwalira ndipo palibe anakhala naye pansi. Wina akugwiriridwa ndi wachibale. Wina wangouzidwa kumene kuti ma ARV amene wakhala akumwa kuyambira ali mwana si a chifuwa monga ankamunamizira. Wina sagona chifukwa cha nkhawa, chamba ndi chimene chimamugonetsa. Ukachotsa chambacho osakhudza bala lake, apeza china.

Nachisale: Mayi ake a mwanayu ndi bambo ake analekana chaka chatha, ndipo bambowo anakwatira kwina. Mwanayo sanayankhulepo kanthu za nkhaniyi, ife tinkati walimba mtima.

Anamwino a Zamaganizo: Yambirani pamenepo, a zakhali. Osati pa chamba. Mutengeni inu nokha, osati pa bwalo la banja lonse, mupite naye kwina, mumufunse mmene chaka chimenechi chamuyendera, ndipo mupirire akakhala chete. Kenako mumupezere sukulu ina msanga, ngakhale yoyendera kapena ya masana, asakhale pakhomo. Za kupolisi zisiyeni. M'chitokosi sakaphunziramo mantha, akaphunziramo maina a ogulitsa. Ngakhale lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalimbikitsa kuti mwana wolakwa pa zing'onozing'ono apatutsidwe kunjira ya ndende, athandizidwe kunja.

Achemwali a ku Leeds: Ndikuwerenga ndili pa basi yochokera ku ntchito ya usiku. Pali dziko la Iceland limene anthu kuno amalitchula kawirikawiri. Mu 1998, ana 42 mwa 100 a zaka 15 ndi 16 ankati aledzerapo mwezi umenewo. Pofika 2016 anatsala 5 mwa 100. Sanachite ndi maphunziro oopseza. Anaika ola loti ana asapezeke panja usiku, makolo anapangana zokhala ndi ana awo nthawi yochuluka ndi kudziwa anzawo, boma linathira ndalama m'masewera, nyimbo ndi zaluso kuti mwana aliyense akaweruka akhale ndi kopita, ndipo chaka ndi chaka amafunsa ana m'sukulu kuti aone pamene pakuvuta.

Mjoni wa ku Germiston: Achemwali, anthu a dziko limenelo onse pamodzi sakwana theka la Lilongwe, ndipo ndi olemera. Ife mabwalo a mpira tinagawana mapoloti. Kwathu ku Bangwe pamene tinkasewera pali nyumba za lendi ndi mabala awiri.

Achemwali a ku Leeds: Ndiye tengani cha pafupi. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006. Anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera ndi kuthandiza munthu kusanthula mavuto ake, atakhala pa benchi panja pa kiliniki. Kafukufuku anaonetsa kuti anthu ovutika maganizo amapezadi bwino. Benchi ndi agogo tili nazo. Tilinso ndi magulu a amayi m'sukulu, aja amatsatira atsikana osiya sukulu. Amenewo ataphunzitsidwa mafunso aja a anamwino, sangagwire ntchito?

Abusa a ku Area 25: Chipinda cha Sande sukulu chimakhala chotseka Lolemba mpaka Lachisanu. Ngati achimwene a matabwa aja angafune kumakumana ndi anzawo ofuna kusiya, kiyi ndipereka. Sindidzalowamo kukalalikira pokhapokha atandiitana.

Wakale wa pa Shabini: Abusa, mawu omalizawo muwasunge, ndidzakukumbutsani. Ndipo pakhomo pasalembedwe chilichonse. Mukangolemba kuti gulu la zidakwa, palibe adzalowe. Magulu a AA, a anthu othandizana kusiya mowa, anayamba mu 1935 ndi anthu awiri okha ocheza, ndipo mpaka lero mphamvu yake ndi yoti zokambidwa m'chipinda zimatsala momwemo. Nthawi yake ikhale madzulo, makamaka Lachisanu ndi kumapeto kwa mwezi.

Madala a ku Chilomoni: Ine ndikuonabe kuti mukuwanyengerera. Koma za ophika kachasu kukana ana a sukulu ndikakamba ndi amfumu, poti ndimakhala nawo pa bwalo.

Aphunzitsi a Sayansi: Anamwino, mafunso asanu ndi limodzi aja mungandilembere bwino m'Chichewa? Ndikufuna ndikawaonetse ahedi tisanakhale pa mlandu wina Lachinayi. Pali ana atatu, ndipo mmodzi ndi wa Fomu 1.

Anamwino a Zamaganizo: Ndikutumizirani usiku uno. Koma wofunsa asakhale yemwe akuweruza mlanduwo, apo ayi ana adzangokana zonse.

Nambewe wa ku Lunzu: Pepani ndikudula nkhani. Ndimangowerenga osayankha, koma zimene analemba achimwene aja za nyerere zandiopsa. Bambo anga amamwa kachasu tsiku lililonse kuyambira kalekale. Lamlungu analumbira pamaso pa abale kuti asiya, ndipo sanamwedi. Dzulo amanjenjemera ndi kusanza, tinkati ndi malungo, tinawagulira panado. Kuyambira madzulo ano akuti pa denga pali njoka, akutuluka thukuta zovala zonse zanyowa, ndipo amayi sakuwazindikira. Tidikire kuche?

Anamwino a Zamaganizo: Ayi, musadikire. Pezani galimoto panopa mupite nawo kuchipatala chachikulu, osati kogula mankhwala. Musawamange, musawatsekere okha, musawapatse mapiritsi ogonetsa a munthu wina. Akagwa n'kuyamba kuphupha, agonekeni chammbali ndipo musawaike kanthu mkamwa.

Mwana wa Ophika Kachasu: Ndili ku Lirangwe ndipo galimoto ndili nayo. Achemwali, ndilembereni kumbali mundiuze pokupezani, ndikudzuka.

Nambewe wa ku Lunzu: Ndakulemberani. Amayi akuti tikanene kuti ndi malungo, akuchita manyazi.

Anamwino a Zamaganizo: Auzeni amayi kuti malungo akayezedwa konko, koma inu mukanene zonse: amamwa chiyani, mochuluka bwanji, ndipo anamwa komaliza Loweruka kapena Lamlungu nthawi yanji. Achipatala akadziwa zimenezo ayamba mankhwala oyenera osataya nthawi. Tengani buku lawo la kuchipatala, bulangete, ndi mwamuna mmodzi wamphamvu woti akhale nawo kumbuyo.